Mmisiri wa Matailosi Amene Anataya Kumanzere

Lolemba, 8 Julayi

Namwino wandipatsa kope ili kuti ndisiye kumuvutitsa ndi belu. Ndine Reno Bugeja, zaka 69, mmisiri woyala matailosi muno m'tauni ya Mackay kwa zaka 46. Ndalemba zimenezi poyambirira chifukwa aliyense wolowa muno amandifunsa dzina ndi tsiku ngati mwana wa sitandade wani. Azingowerenga apa basi.

Lachinayi lapitali ndinagwa kuseri kwa nyumba ndikuthirira tomato. Anandipeza ndi mwana wanga Marthese, mwana mmodzi yekhayo amene malemu mkazi wanga anandisiyira. Akuti ndi sitiroko, magazi anaundana mbali ya kumanja kwa ubongo. Diripu achotsa dzulo. Mapiritsi ndi atatu: losungunula magazi ndi la BP m'mawa, la mafuta a m'magazi madzulo. BP lero 158/94. Mwendo wa kumanzere ndikuukhwekhwereza, mkono nawo wachita ulesi, koma dzanja lolembera lili gwa.

Chakudya cha muno ndi chamanyazi. Kambatata theka, nyemba zoti ungaziwerenge.

Lachiwiri, 9 Julayi

Dokotala Perera anandiuza kuti ndijambule wotchi. Ndinajambula wotchi yabwinobwino. Iye akuti manambala onse khumi ndi awiri ndawaunjika mbali imodzi. Akuti maso anga alibe vuto, koma ubongo wasiya kulabadira chilichonse cha kumanzere, ndipo choipa chake n'chakuti mwiniwake sadziwa kuti pali chimene chikusowa.

Ndinamuuza kuti ine ndi diso langali ndayala pansi pa matchalitchi awiri popanda tailosi yopendama. Anangomwetulira n'kulemba m'faelo. Zamkutu.

Lachinayi, 11 Julayi

Andisamutsira ku wodi ya mafizo, chipinda cha mabedi anayi, limodzi lopanda munthu. Moyang'anana nane muli Clarrie, amene anayendetsa sitima ya nzimbe moyo wake wonse. Anamudula mwendo m'munsi mwa bondo chifukwa cha shuga ndipo akudikira mwendo wopanga. Pakamwa pake sipauma. Pawindo pali a Gurdial, mlimi wa mango wa ku Bowen, anawasintha fupa la m'chiuno. Iwo amayankhula kamodzi pa ola, koma akayankhula amabaya.

Kwabwera mtsikana wina dzina lake Bronte. Ntchito yake ndi yophunzitsa anthu akuluakulu kuvala malaya ndi kupanga tiyi. Wandisiyira tabuleti ya wodi, akuti ndizisewera masewera ena ake theka la ola m'mawa ndi masana. Ndinati, "Chemwali, ine masewera ndinasiya 1968." Iye akuti, "Ndi a matailosi, bambo Bugeja. Ndimayesa ndinu katswiri?" Mwana ameneyu amadziwa pokanda munthu.

BP 149/90. Ndayenda ndi chogwirira mpaka kuchimbudzi.

Lachisanu, 12 Julayi

Masewera aja ali motere. Pali bwalo la mipata 36. Amakupatsa tailosi imodziimodzi, ina ili ndi mtsinje, ina munda, ina nyumba, ina njanji. Uyiike poti mtsinje ukumane ndi mtsinje, njanji ndi njanji. Palibe wotchi yokuthamangitsa, palibe mdani, kumangolira kanyimbo kapansipansi. Ukadzaza bwalo lonse akuti mbalame zimauluka.

Wodi yonse inagwidwa nawo kalekale. Clarrie akuti, "Achimwene, m'moyo wanga wonse ichi chokha ndicho chinthu chimene ukalakwitsa sichikukalipira. Mkazi amakalipa, bwana wa kumphero ya nzimbe amakalipa, ichi chimangoti yesanso." Iye amangolumikiza njanji, za mitsinje alibe nazo ntchito.

A Gurdial anati, "Munda wopanda chimphepo, wopanda mileme yodya mango, ndi munda umenewo? Bodza lokhalokha." Atatero anapitiriza kusewera mpaka tiyi wawo anazizira.

Ine ndadzaza bwalo kawiri. Mbalame sindinaione ngakhale imodzi.

Lamlungu, 14 Julayi

Marthese wabweretsa ma pastizzi otentha, onga masamusa, a tchizi ndi a nandolo, monga ankaphikira amayi ake. Akuti wabweretsa khumi ndi awiri. Ine m'bokosimo ndaona asanu ndi limodzi, ndipo ndamuuza Clarrie kuti munthu wa shuga asamabe za eni. Anaseka mpaka kutsokomola.

Kasanu tsopano ndadzaza bwalo lija, mbalame ng'o. Clarrie anandionetsa malo amene osewera amalembapo ndemanga ndi kupereka nyenyezi. Mayi wina wa ku Hobart akuti amasewera akaweruka kuntchito, mtima umakhala pansi. Wina akuti masewerawa ali ngati kupalira dimba lopanda udzudzu. Wina wapereka nyenyezi ziwiri chifukwa kanyimbo kake kamamugonetsa m'basi n'kupitirira poti atsike. Onse osangalala, ngati adya ukwati.

Ndinati, "Lemba zanga." Clarrie analemba ine ndikunena: "Nyenyezi imodzi. Ndayala matailosi zaka 46. Masewerawa ndi owonongeka, ukadzaza bwalo samaliza. Amene anawapanga sanagwirepo tailosi chibadwire."

"Mukutsimikiza, amisiri?" anatero Clarrie. Ndinati tumiza, usandiphunzitse ntchito.

Lolemba, 15 Julayi

Anthu asanu ndi awiri ayankha. Mmodzi akuti, "Agogo, yang'anani bwino, mwasiya mipata." Agogo ake ndani? Sitinadziwane n'komwe.

BP 144/88. Mafizo: masitepe khumi opanda chogwirira, ndodo yokha.

Lachiwiri, 16 Julayi

Lero anali mayeso a kukhitchini. Muno satulutsa munthu wokhala yekha asanaonetse kuti angathe kudzipangira tiyi wamkaka ndi buledi wowotcha popanda ngozi. Kuli kakhitchini kakang'ono kumapeto kwa khonde, Bronte amaima pambali ndi faelo.

Ndinathira madzi m'ketulo. Ndinamuuza kuti mkaka mulibe. Akuti ulipo. Ndinati mulibe, ndikuona ndine. Kenako anakuwa n'kundikoka mkono. Dzanja langa la kumanzere linali litatsamira pamwamba pa makina owotchera buledi, ndipo sindinadziwe. Zala ziwiri zatuluka matuza. Mpope nawo akuti ndinausiya ukutuluka madzi.

Andimanga bandeji. Sindinadye chakudya chamadzulo.

Lachitatu, 17 Julayi

Marthese anabwera ndi mapepala. Kunyumba yosungirako okalamba ya kutsidya kwa mtsinje kwapezeka malo, ndipo walembetsa dzina langa. "Bambo, musandiyang'ane choncho. Ine ndimagwira ntchito, sindingakhale nanu tsiku lonse. Mukufuna ndidzakupezeni mutapsa ndi nyumba yomwe?"

Ndinati nyumba imene ija ndinayala ndekha chipinda chilichonse, amayi ako anamwalirira mmenemo, ndipo ine ndidzatulukamo ndi miyendo kutsogolo. Anayamba kulira, ine ndinayang'ana kudenga.

Dokotala Perera wagamula chonchi: mayeso a kukhitchini abwerezedwa pa 31. Ndikakhoza, ndipita kwathu. Ndikalephera, ndipita kutsidya. Masabata awiri.

Ndikuopa. Ndalemba kuti ndikuopa, wina asawerenge.

Lachinayi, 18 Julayi

BP 161/95. Sindinasewere. Sindinamete.

Lachisanu, 19 Julayi

Ndilembe bwinobwino za lero.

Titamwa tiyi wa m'mawa Clarrie anabwera pabedi langa ndi njinga yake ya olumala. "Amisiri, mwafufuma ngati buledi. Tasewerani kamodzi ndione mmene akatswiri amachitira." Ndinasewera kuti andichoke. Ndinayala, ndinayala, bwalo linadzaza. Ndinati, "Waona? Zili kuti mbalame zakozo?"

Anangotenga tabuleti ija n'kuizunguza, kumutu kukhala kumiyendo, n'kundibwezera.

Mayo ine. Theka lonse la bwalo linali mbee, lopanda kanthu. Mipata 18, ndinaiwerenga ndi chala. Matailosi anga aja anali atasowa, ndipo mipata imene sindinaionepo inali pamaso panga penipeni. Ndinati wachita matsenga. Anaizunguzanso, bwalo linadzaza. Anaizunguzanso, mbee.

Pa nkhomaliro a Gurdial anadzikoka ndi chogwirira chawo n'kuzunguza mbale yanga nditamaliza kudya. Munali nsomba yathunthu ndi theka lina la mbatata. Masabata awiri ndakhala ndikutukwana ophika a muno ndi kugona ndi njala, nsomba ili m'mbale.

Ndinatsegula kope lino n'kulitembenuza. Tsamba lililonse ndalemba mbali imodzi yokha, mawu atapanikizana kumphepete.

Ndinapepesa Clarrie pa nkhani ya ma pastizzi. Iye akuti, "Musapepese kwambiri, awiri ndinadyadi."

Dokotala anandiuza, Bronte anandiuza, mwana wanga anandiuza. Ndinakamva kwa woyendetsa sitima wa mwendo umodzi. Ndinalira pang'ono, iwo anayang'ana pawindo.

Loweruka, 20 Julayi

Ndadzuka ndi nzeru. Bronte wakhala akundiuza kuti "yang'anani kumanzere", koma ungayang'ane bwanji kumalo kumene mutu wako ukuti kulibe? Ndiye ndakumbukira mmene timayambira chipinda.

Mmisiri weniweni sakhulupirira diso, ndipo sakhulupirira khoma. Khoma lililonse ndi lokhota, ngakhale mwini nyumba alumbire. Ukalowa m'chipinda umayamba wapita pa kona iliyonse, zonse zinayi, n'kuigwira ndi dzanja. Ukatero umayeza, umapeza pakati, umamenya chingwe cha choko, n'kuyala kuchokera pakatipo kupita mbali zonse. Woyambira kukhoma amakathera ndi tizidutswa tonyansa kukhoma linalo. Anyamata angati ndinawathamangitsa pa ntchito chifukwa cha zimenezi? Ndiye ine ndemwe ndakhala ndikuyambira kukhoma la kumanja masabata awiri.

Chipinda chili ndi makona anayi, kaya ukuwaona kaya sukuwaona. Ukagwira awiri okha, ndiye kuti awiri akusowa, kawafune.

Ndayesa pa tabuleti. Chala chiyende m'mphepete mpaka chigunde kona, n'kuwerenga mokweza: wani, thuu, firii, folo. Kenako tailosi yoyamba pakati. Mipata yotsala lero: 11. Mutu ukuwawa ngati ndasenza matumba a simenti.

Lolemba, 22 Julayi

Ndamufotokozera Bronte. Anasiya kulemba n'kundiyang'ana. Akuti, "Chitani zomwezo pa chilichonse, bambo Bugeja. Mbale, bedi, nkhope pometa." Ndinati nkhope ilibe makona. Akuti yanga ili nawo.

Mipata yotsala: 9, kenako 6. Ndamaliza mbale yonse ya nkhomaliro, ndipo ndinene zoona, ophika a muno amayesetsa. BP 141/86. Bandeji achotsa, matuza aphwa.

Lachiwiri, 23 Julayi

Tsiku loipa. Ndinatopa, ndinaiwala kuwerenga makona, ndinagunda chitseko ndi phewa. Mipata 13. Ndinaponya tabuleti pabedi.

A Gurdial anati, "Mango sapsa chifukwa choti mwiniwake wapsa mtima." Ndinati musandilalikire, inu munati masewerawa ndi abodza. Iwo akuti, "Ndi abodzadi. Ndili pa bwalo la nambala 74."

Lachitatu, 24 Julayi

Mipata 4, kenako 2. Iwiri imeneyo ili pansi kumanzere, kona imene imandithawa nthawi zonse. Clarrie amafuna kundilozera, ndamuuza kuti akangotsegula pakamwa ndimubisira mwendo watsopanowo ukabwera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Marthese anabwera, anakhala pang'ono. Za mapepala aja sitinakambe. Ndinamupempha kuti akathirire tomato.

Lachinayi, 25 Julayi

Zauluka! Mbalame zauluka!

Inali 10 koloko m'mawa. Makona anayi, tailosi yoyamba pakati, ina kumanzere, ina kumanja, ina kumanzere, monga ndimachitira pa ntchito. Itatsala imodzi ndinaona kuti dzanja langa lagwira tailosi koma poyiika palibe. Kale ndikanati masewera awonongeka. Lero ndinati ayi, Reno, tailosi ikatsala ndiye kuti mpata ulipo. Ndinayendetsa chala m'mphepete, pansi, pansi, mpaka kona ija. Unali pomwepo, kampata kamodzi, kakudikira mtsinje.

Timbalame take ndi tating'ono, toyera, tosaposa khumi. Zoti munthu wamkulu angakuwire zimenezi! Koma ndinakuwa mpaka namwino anabwera chothamanga kuyesa wina wagwa. Clarrie analiza mluzu wa sitima ndi pakamwa, a Gurdial anamenya chogwirira chawo ndi supuni.

Masana ndinauza Clarrie kuti asinthe ndemanga ija. Yatsopano ikuti: "Nyenyezi zinayi. Masewerawa sanali owonongeka, wowonongeka ndinali ine. Ndinadwala sitiroko ndipo sindinkaona theka la bwalo. Amene munanditchula agogo, munanena zoona, koma ulemu muphunzire."

"Nanga yachisanu mwaimana bwanji?" anafunsa Clarrie. Ndinati matailosi ake amagundana popanda mpata wa simenti. Pansi potero pangasweke chilimwe chimodzi chokha. Zoona ndi zoona.

Loweruka, 27 Julayi

Mabwalo atatu, onse athunthu. Anthu ambiri ayankha ndemanga ija. Bambo wina wa ku Darwin akuti mkazi wake ali ndi vuto ngati langa, akufunsa kuti ndinachita bwanji. Ndamulembera za makona anayi, Clarrie akutayipa ndi chala chimodzi n'kumadandaula kuti sanalembedwe ntchito ya ukalaliki.

Ndameta ndekha mbali zonse ziwiri. Namwino wayendera ndi chala, sanapeze chotsala.

Lolemba, 29 Julayi

A Gurdial atuluka lero. Ana awo anabwera ndi galimoto ziwiri ndi maswiti a mkaka a wodi yonse. Potsanzika anandigwira dzanja la kumanzere, dala, n'kulifinya. Ndinalimva. Anati, "Lachitatu musathamange." Basi, anapita.

Dokotala Perera anandijambulitsanso wotchi. Ndinayamba ndi 12, 6, 3 ndi 9, kenako ndinadzaza mipata. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Akuti vutoli silinathe, mwina silidzatheratu, koma ndaphunzira kulizungulira. BP 136/82.

Lachiwiri, 30 Julayi

Mawa. Sindilemba zambiri.

Lachitatu, 31 Julayi

Ndakhoza. Ndiyambe ndi zimenezo.

Tinalowa m'kakhitchini kaja 11 koloko, ine, Bronte ndi faelo yake, Marthese ataima pakhomo manja atapinda. Bronte anati, "Tiyi wamkaka, shuga supuni imodzi, buledi muwotche magawo awiri. Muchite ngati ine kulibe."

Sindinagwire ketulo. Ndinayamba ndayenda ndi ndodo yanga kukagwira makona anayi a chipindacho, kuwerenga mokweza. Ndinamva Marthese akupumira m'mwamba, ankayesa ndasokonezeka. Kenako makona anayi a thebulo lophikirapo. Pa kona yachitatu ndinapeza mkaka. Kuseri kwa mkakawo kunali shuga, Bronte anachita kumubisa. Ndinasuntha zonse n'kuziika pakati. Dzanja la kumanzere ndinaliika m'thumba la thalauza, ndipo ndisanayatse chilichonse ndinkalifunsa kuti uli kuti iwe. Madzi anawira, mpope ndinatseka, buledi anatuluka wofiirira bwino, makina ndinazimitsa pakhoma. Mphindi 14.

Ndikunyamula kapu kupita nayo pathebulo, ndinayang'ana pansi monga mwa chizolowezi, kuyambira pakati kupita kukhoma la kumanzere. Pafupi ndi firiji panali tailosi imodzi yotukuka mlomo, pang'ono chabe, ngati kukhuthala kwa ndalama yachitsulo. Ndinaika kapu pansi, ndinakaigogoda ndi ndodo. Inalira ngati ng'oma, pansi pake palibe simenti.

Ndinati, "Chemwali, lembani m'faelomo. Muno mumalowa anthu okhwekhwereza miyendo, tailosi iyi idzagwetsa munthu. Ndipo amene anayala muno anayambira kukhoma, taonani tizidutswa ito."

Bronte anagwada, anapapasa ndi chala. Akuti wagwira ntchito m'khitchini imeneyi zaka zinayi, sanaionepo. Anadzuka n'kufunsa kuti, "Bambo Bugeja, mukudziwa kuti ili mbali iti?" Ndinati ndikudziwa, mwana iwe, ndaiona ndine.

Tiyi uja anamwa Marthese. Akuti shuga wachuluka. Amwe choncho.

Lachinayi, 1 Ogasiti

Msonkhano ndi Dokotala Perera, Bronte ndi Marthese. Ndikupita kwathu mawa. Zoyenera kutsata: galimoto ndisayendetse, pakatha miyezi isanu ndi umodzi adzaonanso. Mbaula ya gasi ichotsedwe, aike yamagetsi yozima yokha. Namwino azibwera Lachiwiri ndi Lachisanu. Ndizivala kabelu ka pakhosi koitanira anthu ndikagwa. Mapiritsi omwe aja. Za galimotozo zandiwawa, sindinama. Koma ndinavomera zonse mofulumira ngati mkwati.

Marthese anaimbira foni kutsidya kuja ine ndili pomwepo, kuwauza kuti malo aja apatse wina.

Mwendo wa Clarrie wafika masana ano. Wayenda masitepe asanu pakati pa zitsulo, akutukwana sitepe iliyonse. Ndamuuza kuti akatuluka abwere kwathu, khonde langa ndi losalala, ndinayala ndekha. Akuti abwera ndi tabuleti kuti adzandichititse manyazi pa njanji.

Lachisanu, 2 Ogasiti

BP 132/80. Chikwama chapakidwa. Ndikulemba tili pabenchi ya panja pa wodi, tikudikira mapiritsi a kunyumba.

Marthese anapita kukasuntha galimoto, ine ndinatsala ndikuyang'ana anthu odutsa. Patapita nthawi ndinaona kuti wachedwa. Ndinati ndiwerenge makona a benchi, poti ndi chizolowezi tsopano. Nditatembenukira kumanzere ndinamupeza atakhala pomwepo, phee, chikwama chili pamiyendo, misozi ili mbwembwembwe.

Ndinati, "Wabwera nthawi yanji?"

Akuti, "Posachedwa. Ndimafuna ndione ngati mungandipeze." Anapukuta m'maso ndi nsana wa dzanja. "Bambo, masiku atatu oyamba aja ndinkakhala mbali ino ya bedi, kuyambira m'mawa mpaka kutuluka kwa alendo. Ndinkakugwirani dzanja ili. Inu munkafunsa anamwino kuti mwana wanga sanabwere bwanji."

Ndinamuyang'ana nkhope yonse, bwinobwino, mpaka anachita manyazi.

Ndinati, "Ndakuona, mwanawe. Tiye kwathu."